Momwe amakaniko amawonjezera mphamvu za injini ya ‘muscle car’

M’chaka cha 1970, galimoto ya Chevrolet Camaro Z28 inkatuluka m’fakitale ndi injini ya malita 5.7 yomwe kampani inalemba kuti ili ndi mphamvu zokwana 360 horsepower. Pofika 1975, Camaro yokhala ndi injini ya msinkhu womwewo inkatulutsa 155 horsepower zokha. Masilinda anali asanu ndi atatu monga kale, chitsulo chake sichinachepe, koma nambala ya mphamvu inatsika kupitirira theka.

Mbali ina ya kutsikaku inadza chifukwa makampani anasintha kayezedwe ka mphamvu m’chaka cha 1972. Mbali ina inadza chifukwa cha malamulo oteteza mpweya komanso kusintha kwa mafuta. Mphamvu zomwe zinatayika m’zaka zimenezo ndi zomwe eni galimoto zotere ku America akhala akuzisaka m’magalaja mpaka lero, ndipo ambiri amafika popitirira pomwe fakitale inalekezera. Ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake. Woidumpha amataya ndalama, injini, ndipo nthawi zina moyo.

Chiyambi cha galimotozi

Dzina loti muscle car limanena za galimoto ya ku America ya zitseko ziwiri, ya thupi lapakatikati, yokoka ndi matayala akumbuyo, yomwe inaikidwa injini yaikulu ya V8. Chilembo cha V chikuimira momwe masilinda anakhalira: anayi mbali iyi, anayi mbali inayo, onse atapendekera pa crankshaft imodzi.

Ambiri amawerengera chiyambi cha nyengoyi pa Pontiac GTO ya 1964. John DeLorean ndi anzake ku kampani ya Pontiac anatenga injini ya malita 6.4, yomwe inali ya galimoto zikuluzikulu, n’kuiika m’galimoto yopepukirapo ya Tempest. Inkatulutsa 325 horsepower, kapena 348 ikakhala ndi makabuleta atatu. Makampani ena anatsatira. Chrysler inayamba kugulitsa injini ya 426 Hemi m’galimoto zapamsewu mu 1966, ya 425 horsepower. Mu 1970 Chevrolet inatulutsa Chevelle SS 454 ya 450 horsepower. Nambala monga 350, 426 ndi 454 zimanena kukula kwa injini m’muyeso wa ku America wa cubic inch, ndipo pafupifupi 61 mwa miyeso imeneyi imapanga lita imodzi.

Nyengoyi sinakhalitse. Lamulo la Clean Air Act la 1970 linakakamiza makampani kuchepetsa utsi woipa. Makampani a inshuwalansi anakweza ndalama zomwe eni galimoto zamphamvu ankalipira. Mu 1973 mayiko a Aluya anaimitsa kutumiza mafuta ku America, mtengo wa petulo n’kukwera. Pofika 1975 galimoto zambiri zatsopano zinali ndi catalytic converter, chipangizo cha pa ekizozi chosefa utsi, chomwe sichigwirizana ndi petulo wokhala ndi mtovu.

Horsepower ndi torque

Liwu loti horsepower limatanthauza mphamvu ya kavalo. Analitchukitsa ndi James Watt, katswiri wa ku Scotland wa zaka za m’ma 1700, pofuna kuuza ogula injini zake za nthunzi kuchuluka kwa akavalo omwe injiniyo ingalowe m’malo mwawo. Horsepower imodzi ndi pafupifupi mawati 746.

Injini imatulutsa mphamvu yopotokola, yotchedwa torque, yofanana ndi yomwe dzanja limapereka pomasula bawuti ndi sipanala. Horsepower ndi torque yochulukitsidwa ndi liwiro lomwe injini ikuzungulira. Ku America amawerengera motere: torque ya mu pound-feet, kuchulukitsa ndi maulendo omwe injini ikuzungulira pa mphindi, kugawa ndi 5,252. Injini yotulutsa 400 pound-feet pa maulendo 4,000 ili ndi pafupifupi 305 horsepower. Ikatha kusunga torque yomweyo mpaka maulendo 6,000, imafika 457 horsepower. Choncho njira zowonjezera mphamvu zilipo ziwiri: kukweza torque, kapena kuthandiza injini kuti isafooke ikamazungulira mwamsanga.

Nambala za kale ziyenera kuwerengedwa mosamala. Chisanafike chaka cha 1972, makampani ankayeza injini ili yokha pa benchi, yopanda sefa ya mpweya, ekizozi yapamsewu ndi zipangizo zina zomwe zimadya mphamvu. Kuyambira 1972 anayamba kuiyeza ili ndi zonse zomwe imakhala nazo m’galimoto. Komanso mphamvu yofika kumatayala imachepa ndi pafupifupi magawo 15 pa 100 alionse, chifukwa ina imathera m’giyabokosi ndi m’difu. Muyeso wodalirika umachokera pa makina otchedwa dynamometer, omwe amakaniko amangoti dayino.

Mfundo yaikulu ndi mpweya

Injini ya petulo imagwira ntchito m’magawo anayi. Pisitoni imatsika n’kukoka mpweya ndi mafuta, imakwera n’kuzipanikiza, pulagi imayatsa moto womwe umakankha pisitoniyo, kenako imakweranso n’kutulutsa utsi. Pa maulendo 6,000 pa mphindi, pisitoni iliyonse imakwera ndi kutsika maulendo 100 pa sekondi, ndipo valavu iliyonse imatseguka maulendo 50.

Kuthira mafuta ambiri n’kosavuta, koma petulo sapsa popanda mpweya. Kuti apse yense, kilogalamu imodzi ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya. Pofuna mphamvu zambiri, amakaniko amawonjezera mafuta pang’ono kufika pafupifupi 12.5 kapena 13 pa 1. Kupyola apo mafuta amangotuluka ngati utsi wakuda. Zikatero, chomwe chimaika malire a mphamvu ndi kuchuluka kwa mpweya womwe injini ingalowetse ndi kutulutsa pa mphindi. Pafupifupi chilichonse chomwe chimasinthidwa pa injini cholinga chake chimakhala kulowetsa mpweya wambiri, kuuwotcha bwino, kapena kulimbitsa zitsulo kuti zipirire zotsatira zake.

Kuyamba ndi kupima injini

Makaniko wodziwa ntchito sagula chipangizo chilichonse asanapime injini. Chikomekome cha nkhuyu m’kati muli nyerere: injini ya zaka 50 ikhoza kuwala kunja pomwe maring’i ndi maberingi ake anatha kale.

Choyamba amayeza kupanikiza kwa silinda iliyonse. Masilinda onse asasiyane kupitirira magawo 10 pa 100. Silinda yotsika imaonetsa maring’i otha, valavu yopsa kapena gasiketi yoboola. Chachiwiri amayang’ana mphamvu ya oyilo. Lamulo lomwe amakaniko ambiri amatsata ndi lakuti pafunika 10 psi pa maulendo 1,000 alionse. Amadulanso sefa ya oyilo kuti aone ngati muli tizidutswa ta chitsulo, chomwe ndi chizindikiro chakuti maberingi akudyeka.

Pa injini zopangidwa chisanafike chaka cha 1971 palinso nkhani ya mipando ya mavalavu. Mtovu womwe unali m’petulo unkateteza malo omwe valavu ya utsi imakhala. Petulo wa mtovu analetsedwa pamisewu ya ku America mu 1996, ndipo bungwe la United Nations linalengeza mu 2021 kuti watha padziko lonse. Mutu wa injini yakale yomwe izigwira ntchito yolemetsa umafunika kuikidwa mipando yolimba.

Apa mpamenenso mwini galimoto amasankha ntchito yomwe akufuna. Injini yoyendera m’tawuni imafuna torque pa maulendo ochepa. Ya mpikisano imafuna mphamvu pa maulendo ambiri. Zipangizo za ziwirizi sizisakanizidwa.

Khomo lolowera ndi lotulukira

Ambiri amayambira pa zipangizo zomangidwa kunja kwa injini, chifukwa sizifuna kuimasula yonse. Injini zambiri za m’ma 1970 zinali ndi kabuleta ya mabowo awiri ndi manifold yachitsulo cholemera, yomwe ndi njira yogawira mpweya kumasilinda. Kuika kabuleta ya mabowo anayi ndi manifold ya aluminiyamu kumatsegula njirayo. Makampani odziwika pa zipangizozi ndi Holley komanso Edelbrock, yomwe Vic Edelbrock anaiyambitsa ku California mu 1938.

Cholakwa chofala n’kugula kabuleta yaikulu kwambiri. Kukula kwa kabuleta kumayezedwa mu cfm, kutanthauza kuchuluka kwa mpweya womwe ingadutsitse pa mphindi. Powerengera amatenga kukula kwa injini, kuchulukitsa ndi maulendo ake apamwamba, kugawa ndi 3,456. Injini ya 350 pa maulendo 6,000 imapereka pafupifupi 608 cfm, ndipo popeza injini yapamsewu sidzaza masilinda ake onse, kabuleta ya 600 imaikwanira. Kuika ya 850 kumachedwetsa liwiro la mpweya m’mabowo, mafuta sakokeka bwino, ndipo galimoto imatsamwa dalaivala akaponda moto.

Kotulukira, amachotsa manifold ya utsi ya fakitale n’kuika mapaipi otchedwa headers. Silinda iliyonse imakhala ndi paipi yakeyake, ndipo mapaipiwo amakakumana patsogolo. Utsi wothamanga m’paipi imodzi umasiya kukoka komwe kumathandiza kuyamwa utsi wa silinda yotsatira. Pano naponso kukula kopitirira muyeso n’koipa. Paipi yotakata kwambiri imafooketsa kukokako, torque ya pa maulendo ochepa n’kutayika. Phokoso lalikulu la ekizozi si umboni wa mphamvu.

Mutu wa injini ndi camshaft

Mphamvu zenizeni zimapezeka m’mutu wa injini, womwe amakaniko amautchula hedi. M’menemo ndi momwe muli mavalavu, njira za mpweya ndi chipinda chomwe moto umayakira. Mitu ya m’ma 1970 inapangidwa ndi zipinda zazikulu, za 76 cc pa injini zambiri za 350, pofuna kuchepetsa kupanikiza. Mitu ya Vortec yomwe General Motors inayamba kuika pa injini za 350 za mapikiyapu mu 1996 ili ndi zipinda za 64 cc komanso njira zodutsa mpweya bwino, n’chifukwa chake inatchuka pakati pa osafuna kuwononga ndalama zambiri. Ena amagula mitu ya aluminiyamu, yomwe ndi yopepuka ndipo imataya kutentha msanga. Ena amapala njira za m’mitu yakale ndi makina, ntchito yomwe wosadziwa akhoza kuboola nayo njira ya madzi.

Camshaft ndi mtanda wachitsulo wokhala ndi timapiri tomwe timatsegula mavalavu. Imazungulira theka la liwiro la crankshaft. Zinthu zitatu zimaisiyanitsa ndi inzake: kutalika komwe imakweza valavu, nthawi yomwe imaisiya yotsegula, ndi nthawi yomwe valavu yolowetsa ndi yotulutsa zimakhala zotsegula pamodzi. Camshaft yosiya mavalavu otsegula nthawi yaitali imathandiza pa maulendo ambiri, pomwe mpweya umakhala ndi kanthawi kochepa kolowera. Pa maulendo ochepa imabweza mpweya wina kunja. Kulira kodukizaduka komwe anthu amakukonda pa muscle car ikaima kumachokera pamenepa. Mtengo wake ndi wakuti galimoto imafooka ponyamuka, imamwa mafuta ambiri, ndipo kukoka kwa mpweya komwe kumathandiza mabuleki kumachepa.

Camshaft yatsopano imafuna masipuling’i a mavalavu oyenerana nayo. Akakhala ofooka, valavu imachedwa kutseka ndipo ikhoza kugundana ndi pisitoni. Camshaft za mtundu wakale, zomwe zimakhudzana ndi zitsulo zosalala m’malo mwa timawilo, zimafuna oyilo wokhala ndi zinc wokwanira, yemwe anachepetsedwa m’maoyilo ambiri amakono pofuna kuteteza catalytic converter. Poiliza koyamba, injini imasungidwa pa maulendo 2,000 mpaka 2,500 kwa mphindi 20 kapena 30 kuti zitsulozo zizolowerane. Kulephera kutero kumatha kudya timapiri ta camshaft tsiku lomwelo.

Kupanikiza, moto ndi kugogoda

Camaro Z28 ya 1970 inkapanikiza mpweya pa mlingo wa 11 pa 1. Injini za 350 za pakati pa zaka za m’ma 1970 zinatsikira pa 8.5 pa 1 kapena kucheperapo. Kukweza mlingowu ndi sitepe imodzi kumawonjezera mphamvu ndi magawo atatu kapena anayi pa 100, popanda kuwonjezera mafuta. Zimatheka posintha mapisitoni, kuika mutu wa chipinda chaching’ono, kapena gasiketi yopyapyala.

Malire ake ndi kugogoda. Mpweya ndi mafuta zikapanikizika ndi kutentha mopitirira, gawo lomwe moto wa pulagi sunafikeko limaphulika lokha. Kumamveka ngati timiyala tikugwedezeka m’chitini. Kuphulikaku kumaswa maring’i, kumaboola pisitoni ndi kuphwanya maberingi, mapeto ake injini imanoka. Nambala ya octane yolembedwa pa pampu ya mafuta imaonetsa momwe petulo angapirire kupanikizidwa asanaphulike yekha. Sionetsa mphamvu ya mafutawo, ndipo kuthira petulo wa octane yokwera m’injini yosamufuna sikuwonjezera kanthu. Pa petulo wapamsewu, amakaniko ambiri amalekezera pafupi ndi 9.5 pa 1 ndi mitu yachitsulo, ndipo amakwera sitepe ina imodzi ndi mitu ya aluminiyamu.

Nthawi yoyatsira moto ndi yofunika chimodzimodzi. Petulo amatenga kanthawi kuti apse, choncho pulagi imayaka pisitoni isanafike pamwamba. Injini zambiri za 350 zimapereka mphamvu zabwino moto ukayaka madigiri 34 mpaka 36 pisitoni isanafike pamwamba, injini ili pa maulendo ambiri. Kufulumiza kupyola apo kumabweretsa kugogoda, pomwe kuchedwetsa kumatenthetsa injini ndi kuifooketsa. Kukonza nthawi ya moto sikufuna ndalama zambiri, komabe nthawi zambiri kumabweza mphamvu zomwe mwini galimoto amaganiza kuti angazipeze pogula zipangizo zodula.

Kukulitsa injini

Injini yaikulu imakoka mpweya wambiri pa ulendo uliwonse. Njira imodzi ndi kuboola masilinda kuti atakate. Ina ndi kusintha crankshaft kuti pisitoni iziyenda mtunda wautali. Chitsanzo chotchuka ndi injini ya 383, yomwe Chevrolet sinaiikepo m’galimoto za nyengo ya muscle car koma inabadwira m’magalaja. Silinda ya 350 ndi yotakata mainchesi 4.00 ndipo pisitoni imayenda mainchesi 3.48. Amakaniko anapeza kuti akaboola silinda kufika 4.030 n’kuika crankshaft ya injini ya 400, yoyendetsa pisitoni mainchesi 3.75, injiniyo imakula kuchoka pa malita 5.7 kufika 6.3. Kunja imaoneka chimodzimodzi, koma torque imakwera pa maulendo onse.

Injini ikamasulidwa chonchi, ndi nthawi yolimbitsa zam’kati. Mapisitoni a fakitale ambiri ndi oumba, othiridwa m’chikombole, ndipo akapanikizika amasweka ngati mbiya. Mapisitoni osula amapirira kwambiri. Mabawuti omanga mikono ya mapisitoni amasinthidwa, chifukwa limodzi likaduka mkono umaboola injini. Zonse zozungulira zimayezedwa kulemera kuti zilingane, poopa kunjenjemera komwe kumadya maberingi.

Kukankhira mpweya m’kati

Injini wamba imadalira kulemera kwa mpweya wa m’mlengalenga, komwe ndi 14.7 psi m’mbali mwa nyanja yaikulu. Supercharger ndi turbo zimakankhira mpweya wowonjezera. Kuwonjezera 7 psi n’kulowetsa pafupifupi theka lina la mpweya, kotero injini ya 300 horsepower ikhoza kupitirira 400.

Supercharger imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku crankshaft. Imayankha msanga, koma imadya mbali ya mphamvu zomwe ikupanga. Turbo imazunguzidwa ndi utsi wa ekizozi, choncho imagwiritsa ntchito mphamvu yomwe ikanatayika, koma imachedwa pang’ono kuyankha ndipo imatenthetsa kwambiri pansi pa boneti. Zonse ziwiri zimatenthetsa mpweya womwe zikupanikiza, n’chifukwa chake pamaikidwa intercooler yoziziritsa mpweyawo. Injini yotere imafuna mafuta ochulukirapo, moto wochedwerapo, ndi mpata wokulirapo pa maring’i. Ring’i ikatentha imafutukuka, ndipo nsonga zake zikagundana imathyola pamwamba pa pisitoni.

Njira yachitatu ndi nitrous oxide, mpweya wosungidwa m’botolo. Mpweya wamba uli ndi okosijeni wokwana magawo 23 pa 100 polemera, pomwe nitrous oxide ali ndi magawo 36. Akatentha kufika pafupifupi madigiri 300, amasweka n’kumasula okosijeniyo. Ndege zankhondo za Germany zinagwiritsa ntchito njirayi pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Ndi njira yotsika mtengo poyamba, yotha kuwonjezera 100 horsepower pongodina batani, koma botolo limatha msanga. Ngozi yake ndi yakuti pampu ya petulo ikalephera kupereka mafuta olingana ndi okosijeniyo, kutentha kumasungunula mapisitoni m’masekondi ochepa.

Makampani nawonso anatsata njira ya supercharger. Dodge Challenger Hellcat ya 2015 inali ndi 707 horsepower, Ford Shelby GT500 ya 2020 inali ndi 760, ndipo Challenger Demon 170 ya 2023 inafika 1,025 pogwiritsa ntchito mafuta a E85, omwe mbali yaikulu ndi ethanol.

Injini zamakono ndi kompyuta

Muscle car zamakono zilibe kabuleta. Kompyuta imawerenga kuchuluka kwa mpweya, kutentha ndi okosijeni wotsala mu utsi, n’kulamula mafuta ndi moto. Wosintha camshaft kapena kuika supercharger ayenera kusinthanso malangizo a m’kompyutayo, ntchito yomwe imachitikira pa dayino. Malangizo okopera pa galimoto ya wina ndi oopsa, chifukwa mafuta, nyengo ndi zipangizo zimasiyana.

Eni galimoto zakale ambiri tsopano amachotsa injini yonse n’kuika yamakono. Yotchuka kwambiri ndi ya mtundu wa LS, yomwe General Motors inaiyamba mu Corvette ya 1997 ndi 345 horsepower. Mitundu yake ya malita 4.8, 5.3 ndi 6.0 inaikidwa m’mapikiyapu ochuluka zedi, choncho imapezeka motchipa komwe amaphwasula galimoto ku America. Okonda Ford amasankha Coyote ya malita 5.0, yomwe inayamba mu Mustang ya 2011 ndi 412 horsepower. Injini zimenezi zimalira msanga m’mawa, zimamwa mafuta ochepa poyerekeza ndi zakale, ndipo zimapereka mphamvu zomwe kale zinkafuna injini ya mpikisano.

Zomwe zimathyoka mphamvu zikachuluka

Mphamvu yowonjezera imasaka chiwalo chofooka. Kilachi imayamba kuterereka, magiya amagweluka mano, ndipo difu imasweka. N’chifukwa chake zipangizo zina zakale zimafunidwabe: giyabokosi ya Muncie M22, ya Turbo-Hydramatic 400, komanso madifu a Ford 9-inch ndi Dana 60.

Kutentha nako kumakwera. Injini ya petulo imasandutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu za m’mafuta kukhala ntchito. Zotsalazo zimatuluka ngati kutentha, kudzera mu ekizozi ndi m’rediyeta. Kuwirikiza mphamvu za injini n’kuwirikizanso ntchito ya rediyeta.

Chachikulu koposa ndi mabuleki. Muscle car zambiri za m’ma 1960 zinatuluka ndi mabuleki a dilamu kumatayala onse anayi, omwe amafooka akatentha. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yomwe mabuleki ayenera kuithetsa imawirikiza kanayi. Galimotozi n’zolemera kutsogolo ndi zopepuka kumbuyo, zilibe ABS kapena kompyuta yoletsa kuterereka, ndipo zilibe matumba a mpweya oteteza anthu pangozi. Kuponda moto pakona kumatha kuitembenuza galimoto m’kanthawi kochepa. Kuthamanga si kufika: amakaniko osamala amayamba ndi mabuleki a disiki, matayala ndi masipuling’i, injini n’kubwera pambuyo.

Malo oyesera liwiro ndi bwalo la mpikisano. Wally Parks anayambitsa bungwe la National Hot Rod Association mu 1951 pofuna kuchotsa mipikisano m’misewu ya anthu onse. Pa mabwalo ake galimoto zambiri zimapikisana pa mtunda wa mamita 402, ndipo zothamanga kwambiri zimakakamizidwa kukhala ndi zitsulo zoteteza dalaivala galimoto ikagubuduka.

Malamulo ndi mtengo wa galimoto

Ku America, lamulo la Clean Air Act limaletsa kuchotsa kapena kulepheretsa zipangizo zosefa utsi pa galimoto yapamsewu, ndipo bungwe la EPA lalipiritsapo makampani ogulitsa zida zochitira zimenezo. Ku California, chipangizo chokhudza utsi chimafuna chilolezo cha bungwe la California Air Resources Board, ngakhale galimoto za petulo za 1975 kubwerera m’mbuyo sizipita kokayezedwa utsi. Pa galimoto yatsopano, kampani ikhoza kukana kukonza mwaulere chomwe chawonongeka chifukwa cha kusinthako. Kampani ya inshuwalansi yomwe sinauzidwe za kusinthaku ikhozanso kukana kulipira pangozi.

Palinso kutaya kwina komwe sikuoneka msanga. Galimoto yosowa imakhala ya mtengo wapatali ikakhala ndi injini yomwe inatuluka nayo m’fakitale, nambala zake zikugwirizana. Mu 2014, Plymouth Hemi Cuda ya 1971 yotsegula denga inagulidwa pa madola 3.5 miliyoni a ku America pa msika wa Mecum mumzinda wa Seattle. Kuboola kapena kuphulitsa injini yotere n’kuwononga chuma chosabwezeka. Eni ena amaichotsa injini yoyambayo, kuisunga, n’kumasewera ndi ina.

Kummwera kwa Africa

Luso loika V8 m’galimoto yopepuka linafikanso m’chigawo chino. Basil Green wa ku Johannesburg anayamba kuika injini ya Ford ya malita 5.0 m’galimoto ya Capri mu 1970, n’kuitcha Capri Perana. Ford inayamba kupanga Mustang ya chiwongolero cha kumanja mu 2015, zomwe zinaitsegulira msika m’mayiko oyendetsa kumanzere kwa msewu monga South Africa.

Zinthu ziwiri zimasintha mawerengero a injini yotere ikafika kuno. Choyamba ndi kukwera kwa malo. Injini yopanda turbo kapena supercharger imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 a mphamvu zake pa mamita 300 alionse okwera, chifukwa mpweya umapepuka. Ku Lilongwe, komwe kuli pafupifupi mamita 1,050, kutayaku n’kwa gawo limodzi mwa magawo khumi. Ku Johannesburg, pa mamita oposa 1,700, kumayandikira magawo 17 pa 100. Kabuleta yokonzedwera m’mbali mwa nyanja imapereka mafuta ochuluka kwambiri pa malo otere, ndipo imafunika kuchepetsedwa majeti.

Chachiwiri ndi ethanol. Dziko la Malawi lakhala likusakaniza ethanol wochokera ku nzimbe m’petulo kuyambira 1982. Ethanol amakweza octane, zomwe zimathandiza kupewa kugogoda, koma ali ndi mphamvu zochepa pa lita poyerekeza ndi petulo, amakoka chinyezi, ndipo amadya mapaipi a labala ndi magasiketi a kabuleta omwe anapangidwa zaka za m’ma 1960. Paipi ya mafuta yong’aluka pamwamba pa injini yotentha ndi chiyambi cha moto. Wokhala ndi galimoto ya nyengo imeneyo ayenera kusintha mapaipiwa ndi amakono asanaganize za horsepower imodzi yowonjezera.